Bokosi la mpweya la 4A-GE mu Corolla yakale: ndilipange ndi chiyani, ndipo likule bwanji?

Wa KE70 analemba:

Akuluakulu, ndabwera kudzapempha nzeru pa ntchito imene yandiimitsa kwa masabata atatu tsopano. Ndili ndi Toyota Corolla KE70 ya 1982 imene inabwera ndi injini ya 4K, ndipo ndinachotsa injiniyo n'kuikamo 4A-GE ya mavalavu 20, ija ya chivundikiro chakuda imene anthu amaitchula kuti blacktop. Injini yakhala kale pamalo pake, giyabokosi ya T50 ndailumikiza, mapaipi a madzi ndawakonza, ndipo vuto la disitibyuta imene inkagunda kumbuyo ndinalithetsa. Zonsezi ndikuchita ndekha kunyumba, madzulo ndi kumapeto kwa sabata.

Chatsala ndi njira ya mpweya. Monga ambiri mukudziwa, injini imeneyi anaipangira magalimoto oyendera matayala akutsogolo, mmene imakhala chopingasa, ndiye munthu akaitembenuza n'kuiika cham'litali, khomo la bokosi la mpweya limaloza kumbuyo, ku khoma lachitsulo lolekanitsa injini ndi mokhala anthu. Pamenepo palibe malo oti paipi n'kukhota. Kuwonjezera apo, chivundikiro cha bokosilo chikukhudza master cylinder ya mabuleki, kapampu kamene kamakankha mafuta a mabuleki ukaponda. Nditayeza malo otsala kuchokera pakamwa pa ma throttle, timazitseko tolowetsa mpweya ukaponda akisileta, ndinapeza mamilimita 115 okha pa silinda yachinayi, pamene kutsogolo, pa silinda yoyamba, pali mamilimita pafupifupi 170.

Ndivomere kuti ndinayamba ndi njira yachidule. Ndinachotsa bokosi lonse n'kuveka kasiponji pa lipenga lililonse (malipenga ndi timapaipi totambasuka kukamwa tolowetsa mpweya ku ma throttle), ndipo sensa yoyeza kutentha kwa mpweya ndinangoimangirira ndi waya pafupi. Kulira kwake kunali kokoma kwambiri, koma galimoto ikaima kwa mphindi zingapo injini ili yotentha, ponyamuka imakhala yolefuka. Kenako ndinayesa kubweretsa mpweya wozizira ndi paipi ya PVC yochokera kuseri kwa nyale, ndipo patangotha masiku awiri ndinapeza kuti yafewa n'kuphwatalala pamalo pamene ndinamanga ndi kilampu.

Zida zimene ndili nazo ndi girayinda, dirilo, vaisi ndi makina owotcherera a ndodo. Makina a TIG, owotcherera zitsulo zopyapyala ndi aluminiyamu, ndilibe. Mnzanga wina ali ndi makina osindikiza zinthu zapulasitiki a 3D ndipo wandiuza kuti akhoza kundithandiza. Ndikufuna kudziwa ngati bokosi latsopano ndilipange ndi aluminiyamu, chitsulo, fibreglass kapena pulasitiki yosindikiza, komanso kuti likule bwanji pamalo opanikizika chonchi. Ngati kudula malipenga kuti afupike kungathetse vuto la malo, ndiuzeni chimene ndingataye potero, ndiponso kukula kwa paipi yopita ku sefa. Zikomo kwambiri.

Makaniko Wopuma anayankha:

Achimwene, musanasankhe chopangira, muyambe mwaona pamene bokosi limeneli lakhala pa njira ya mpweya, chifukwa mayankho a mafunso anu onse akuchokera pamenepo. Pa injini zambiri pamakhala throttle imodzi, ndipo bokosi logawa mpweya ku masilinda limakhala kuseri kwake. Bokosi lotere limakokedwa mwamphamvu phazi likachoka pa akisileta, kabowo kalikonse kamasokoneza injini, ndipo likakula mopitirira injini imachedwa kumva phazi. Yanuyi ndi yosiyana. Ili ndi ma throttle anayi a mamilimita 45, imodzi pa silinda iliyonse, ndipo bokosi lili kunja kwawo. Ntchito yake ndi kungosunga mpweya woyera, wozizira ndi wodekha pakamwa pa malipenga. Choncho silifunika kupirira kukoka kwakukulu, ndipo kukula kwake sikungachedwetse injini. Likulitseni mmene malo angalolere.

Mwachitanso mwayi kuti ndi blacktop. Ija ya chivundikiro chasiliva, imene inatuluka mu 1991, imayeza mpweya ndi kachitseko kamene kamakhala pa paipi bokosi lisanafike, kotero mpweya uliwonse wolowera pambali umakhala wosawerengedwa ndipo injini imalandira petulo wochepa. Blacktop, ya 1995, imagwiritsa ntchito MAP sensor imene imawerenga kukoka kwa mpweya kuseri kwa ma throttle, n'chifukwa chake yanu inalira ngakhale mutachotsa bokosi. Komabe musatenge zimenezi ngati chilolezo chosiya mipata. Kompyuta siidandaula, koma fumbi lolowera pampata limadya mphete za mapisitoni ndi makoma a masilinda mwakachetechete, ndipo mudzazindikira injini itayamba kale kumwa oyilo.

Za malipenga ndikuletsani kuwadula mwachisawawa. Valavu ikatseka, mpweya umene unali kuthamanga umagunda n'kubweza funde limene limayenda pa liwiro la phokoso, pafupifupi mamita 340 pa sekondi, kukafika pakamwa pa lipenga n'kubwereranso. Fundelo likafika valavu ili pafupi kutsekanso, limakankhira mpweya wowonjezera mu silinda. Njira yaitali imachititsa kuti zimenezi zichitike pa rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi) yotsikirapo, njira yaifupi pa rpm yokwera. Injini imeneyi mphamvu yake yonse imafika pa 7,800 rpm ndipo pa rpm yotsika ilibe mphamvu zambiri, ndiye mukafupikitsa malipenga mudzachotsa pang'ono pomwepo pamene galimoto ya pamsewu imakhalira nthawi zambiri. Anayi onse akhale ofanana kutalika. Musafupikitse lachinayi lokha chifukwa cha mabuleki.

Chimene anthu ambiri amalakwitsa ndi mpata wa pakati pa kamwa la lipenga ndi chivundikiro. Lipenga silikoka mpweya wa kutsogolo kwake kokha, limakokanso wa m'mbali monse mozungulira mlomo wake, ndipo chivundikiro chikayandikira kwambiri chimalitsamwitsa. Lamulo limene amisiri ambiri timatsatira ndi lakuti mpatawo usachepere kukula kwa throttle, kwa inu mamilimita 45. Pa 115 amene muli nawo kumbuyo, chotsanipo 15 kapena 20 a mpata wa injini pogwedezeka, chotsaniponso makulidwe a chivundikiro, ndipo mudzaona kuti lipenga loongoka lalitali silingakwane. Apa m'pamene malipenga okhota amathandiza, chifukwa amasunga kutalika koma kamwa lake n'kuloza kumene kuli malo, m'mwamba kapena chakutsogolo.

Paipi tiyeni tiwerengere. Injini ya malita 1.587 imadzaza masilinda onse kamodzi pa kuzungulira kuwiri, ndiye pa 7,800 rpm imafuna malita pafupifupi 6,200 pa mphindi, kapena kuti 103 pa sekondi. M'paipi ya mamilimita 50 mpweya umenewu umathamanga mamita oposa 50 pa sekondi, mu ya 60 pafupifupi 36, mu ya 70 pafupifupi 27, ndipo mu ya 76 pafupifupi 23. Liwiro likawirikiza kawiri, kutsekereza kwa paipi kumawirikiza pafupifupi kanayi. Ine ndikanatenga ya 70 kapena 76, yokhala ndi makona ochepa ndiponso okhota mofatsa. Kupitirira pamenepo phindu lake n'lochepa poyerekeza ndi malo amene mungawononge. Khomo la paipiyo lisalase lipenga loyamba mwachindunji, chifukwa mpweya wodutsa mothamanga pakamwa pake umalimana chakudya. Lilowe chapambali, pamene bokosi ndi lotakasuka.

Kulefuka kumene mwakuonako ndi kwa kutentha. Mpweya ukatentha kuchoka pa madigiri 30 kufika pa 60, kulemera kwake pa lita iliyonse kumatsika ndi pafupifupi 9 peresenti, ndipo pansi pa boneti, kuseri kwa radiyeta, 60 amafika mosavuta galimoto ikaima. Sensa imene mwaimangirira ndi waya ija iyenera kulowa m'bokosi kapena m'paipi, nsonga yake ikhale m'njira ya mpweya. Musaiwalenso timapaipi tiwiri timene tinkalowa m'bokosi lakale, ka valavu yosunga injini ikamalira galimoto itaima, ndi kopumira kochokera pa chivundikiro cha mavalavu. Tonse tifunika malo ake pa bokosi latsopano.

Musagule chilichonse musanapange bokosi lonse ndi katoni ndi selotepi. Gasiketi yakale kapena mbale yakumbuyo ya bokosi lakale ikupatsani malo enieni a mabowo. Mukamaliza, ikani timibulu ta dongo lofewa pamwamba, tsekani boneti pang'onopang'ono, tsegulani, ndipo yezani makulidwe a dongo lophwanyikalo.

Wowotcherera anayankha:

Ndikugwirizana ndi akulu amene ayankha pamwambapa, ndipo ine ndilankhula za chitsulo chifukwa ndi ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku. Achimwene, makina anu a ndodo muwaiwale pa ntchito imeneyi. Pa lata la milimita imodzi adzangoboola mabowo, ndipo pa aluminiyamu wopyapyala zotsatira zake sizikhala zabwino ngakhale m'manja mwa munthu wozolowera. Aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660, koma kakhungu kamene kamapangika pamwamba pake akakumana ndi mpweya kamasungunuka pa madigiri oposa 2,000, ndiye mkati mumasanduka madzi kunja kukuoneka kouma, kenako chonse chimangogwa. N'chifukwa chake timagwiritsa ntchito TIG ya AC (magetsi osinthasintha mbali), imene imaswa kakhunguko kwinaku ikusungunula.

Zimenezi sizikutanthauza kuti aluminiyamu simungamukwanitse. Ntchito yambiri ndi kudula, kupinda ndi kulinganiza, ndipo imeneyo mukhoza kuichita nokha, n'kupita ndi zidutswa zokonzeka kwa munthu wa TIG. Pa chivundikiro funani mtundu wa 5052 wa mamilimita awiri, umene umapindika bwino. Wa 6061-T6 ndi wolimba, koma mukaupinda kona yakuthwa umang'aluka. Mbale yakumbuyo, yomangika pa ma throttle, ikhale ya mamilimita anayi kapena asanu. Zidutswa zigundane popanda mpata woti kuwala n'kudutsa, chifukwa wowotcherera akamadzaza mipata amaika kutentha kwambiri ndipo mbale imapindika. Ngakhale zitalingana bwino, mbale yakumbuyo imangidwe pa chitsulo chochindikala nthawi yowotcherera mpaka izizire. Mukabwera nayo kunyumba, ikani rula yachitsulo pamwamba pake n'kuyang'ana kuwala. Ikakhala yokhota pang'ono, matani sandipepa pa galasi lochindikala n'kuipukuta mozungulira mpaka zizindikiro za pentopeni zimene munajambulapo zifufutike paliponse.

Mbali zazikulu zathyathyathya muzipewe. Ma throttle anayi amagunda mpweya mwamphamvu, ndipo chivundikiro chosalala chimanjenjemera ngati ng'oma mpaka chimang'aluka m'mbali mwa zowotcherera. Chipindeni pang'ono kapena dindanipo mizere iwiri yolimbitsa. Kumapeto kwa paipi iliyonse yachitsulo kukhale kamlomo kotukuka koletsa silicone kuvuka, ndipo pakati pa bokosi ndi sefa pakhale cholumikizira chofewa, popeza bokosi limagwedezeka ndi injini pamene sefa yamangika ku thupi la galimoto.

Pali njira ina imene anthu amainyoza koma imagwira ntchito, yodula khomo la bokosi lakale, kutseka bowolo, n'kulisamutsira kutsogolo. Kwa inu vuto n'lakuti chivundikirocho chikukhudza kale mabuleki, ndiye mudzadula kawiri, ndipo mwina mapeto ake adzakhala bokosi lopanikiza lipenga lachinayi.

Chenjezo limene ndikufuna mulisunge ndi la zomangira. M'kati mwa bokosi musakhale nati, wasala kapena riveti imene ikhoza kumasuka. Ndinaonapo injini imene inameza nati ya mamilimita 6 yochokera pa lipenga. Mwini wake anangomva kugogoda kwa masekondi angapo, koma titatsegula, pamwamba pa pisitoni panali tizipsera tambirimbiri ngati pojompha nkhuku, mavalavu awiri atapindika, ndipo natiyo inali itaphwatalala n'kumatirira pa mutu wa silinda. Zomangira za chivundikiro zikhale kunja, pa mlomo wozungulira bokosi. Za malipenga zimene sizingapeweke kukhala m'kati zikhale ndi mankhwala omata mabawuti kapena waya wokhoma. Mariveti wamba ndi oopsa kwambiri chifukwa kamutu ka msomali wake kamatsalira m'kati ndipo kamagwa pakapita nthawi.

Potsuka zitsulo musanawotcherere gwiritsani ntchito acetone ndi burashi ya stainless yosakhudzapo chitsulo china. Mankhwala otsukira mabuleki okhala ndi chlorine musawayandikitse, chifukwa akakumana ndi moto wowotcherera amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa phosgene. Ntchito ikatha, tsukani m'kati mwa bokosi ndi madzi otentha a sopo kangapo, n'kupukuta ndi nsalu yoyera mpaka ituluke yoyera.

Wokonza Maboti anayankha:

Ndikulemekeza uphungu wa achimwene owotcherera, koma pa galimoto imeneyi ine sindikanasankha aluminiyamu pa chivundikiro. Wofunsayo alibe TIG, malo ake ndi okhotakhota, ndipo akufuna kupulumutsa milimita iliyonse mozungulira master cylinder. Lata limafuna mizere yoongoka ndi makona, pamene fibreglass imatsata maonekedwe alionse amene mwaiumbira. Komanso aluminiyamu amatenga kutentha kwa injini msanga n'kukupereka ku mpweya, pamene fibreglass imachedwa kutero. Popeza akulu aja afotokoza kale kuti bokosi limeneli silikokedwa mwamphamvu, kulimba kwa chitsulo sikukufunika kwenikweni.

Chimene ndikanachita ndi kuphatikiza ziwirizi. Mbale yakumbuyo ikhale ya aluminiyamu wathyathyathya monga anenera, imene imangofuna kudula ndi kuboola basi, popanda kuwotcherera, ndipo m'mphepete mwake musiye mlomo wa mamilimita 15 womangirapo. Chivundikiro ndi khomo la paipi zikhale chinthu chimodzi cha fibreglass.

Kapangidwe kake ndi kotere. Tengani polystyrene, chija choyera chopepuka chimene amatchingira katundu m'makatoni, kapena bwino koposa mtundu wake wolimba wotchingira kutentha m'nyumba, matani zidutswa n'kuzikhazika pa mbale ili pa injini. Semani ndi mpeni ndi sandipepa mpaka chikwane m'malo onse, mukukumbukira kuti chimene mukusemacho ndi m'kati mwa bokosi, ndiye kunja kudzawonjezereka mamilimita awiri. Makona onse akhale ozungulira, chifukwa nsalu ya galasi imakana kugona pa kona yakuthwa ndipo imasiya thovu la mpweya pansi pake. Apa pali msampha umene ambiri tinagwamo poyamba. Utomoni wa polyester, umene umapezeka kwambiri, umasungunula polystyrene. Ine tsiku loyamba ndinapaka n'kutembenuka kukatenga burashi ina, ndipo pobwerera ndinapeza chimene ndinasema masiku awiri chikufota ngati kandulo. Gwiritsani ntchito epoxy, mtundu wina wa utomoni umene sudya polystyrene, ndipo kutani chosemacho ndi selotepi yabulawuni yomatira makatoni, yopakidwa phula, kuti m'kati mudzatuluke mosalala.

Ndi epoxy tengani nsalu yolukidwa osati ija ya ulusi womwazika, chifukwa guluu wogwira ulusi wa mitundu yambiri ya yomwazikayo anapangidwira polyester. Nsalu ya magalamu 200 pa sikweya mita imapereka makulidwe a pafupifupi kota ya milimita, ndiye mufunika magawo asanu ndi limodzi mpaka asanu ndi atatu, ndipo pa mlomo womangira ndi pa khomo la paipi muwonjezere. Sakanizani epoxy poyeza pa sikelo motsatira zimene wopanga walemba. Siili ngati polyester imene mumawonjezera chowumitsa kuti ifulumire, iyi mukaphonya muyeso imakhala yomata mpaka kalekale. Ikauma, kumbani polystyrene ndi supuni, chotsalira chisungunuleni ndi acetone, sendani selotepi yonse, ndipo pakani utomoni wina wopyapyala m'kati kuti pasatsale ulusi woti n'kuthothoka. Epoxy wamba imafewa pa kutentha kosakwera kwambiri ngati yangoumira pa mpweya wa m'nyumba, choncho funani yolembedwa kuti imapirira kutentha, ndipo muiotche pang'onopang'ono monga mwa malangizo ake musanaiike pa galimoto. Podula ndi popukuta valani chotchinga mphuno, magalasi ndi magolovesi.

Za makina a mnzanu, ndi othandiza koma pa malo ake. Pulasitiki ya PLA imene ambiri amasindikizira imayamba kufewa pa madigiri pafupifupi 60, PETG pafupifupi 80, ABS cha m'ma 100. PVC yanu ija inagonja pa chifukwa chomwecho, ndipo kilampu inangomalizitsa. Mafakitale amapanga zigawo zoterezi ndi nayiloni yosakaniza ndi ulusi wa galasi, imene makina ambiri a kunyumba amavutika nayo. Mnzanuyo akusindikizireni malipenga oyesera a kutalika ndi kukhota kosiyanasiyana kuti muone okwana, ndiponso chikombole cha khomo la paipi kuti lituluke lozungulira bwino. Lipenga la PLA lisatsale pa injini yoyenda pamsewu, chifukwa likasweka zidutswa zake zilibe kwina kopita koma mu silinda.

Wa KE70 analembanso:

Zikomo kwambiri nonse atatu. Loweruka ndinapanga bokosi la katoni monga munandilangizira, ndipo landionetsa zinthu ziwiri zimene tepi yoyezera sinandiuze. Choyamba, pamwamba pa malipenga pali malo ambiri kuposa mmene ndinkaganizira, dongo linatsala lochindikala mamilimita 38 pansi pa boneti, kotero malipenga okhota oloza m'mwamba pang'ono akwana onse anayi popanda kudula. Chachiwiri, nditagwedeza injini ndi dzanja, kona yakumbuyo ya katoni inakhudza paipi yachitsulo ya mabuleki imene sindinaiwerengere n'komwe. Ndaidula konayo mopendekera.

Ndasankha mbale ya aluminiyamu ndi chivundikiro cha fibreglass, ndipo zomangira zonse zikhala kunja. Funso latsala ndi la sefa. Malo ozizira kwambiri amene ndawapeza ali pansi, kuseri kwa bampala, pafupifupi masentimita 30 kuchokera pamsewu, ndipo paipi ya 76 ikhoza kufikako ndi makona awiri. Malo ena ali kuseri kwa nyale, koma ndi pafupi ndi radiyeta. Ndimaganizanso zogula sefa yosongoka ija yopaka mafuta. Kodi akulu mukuona bwanji, ndipo ndikamaliza ndidzadziwa bwanji kuti bokosi silikulowetsa fumbi?

Makaniko Wopuma anayankhanso:

Pansi pa bampala musapaike, achimwene. Silinda iliyonse ya injini yanu ndi ya mamililita pafupifupi 397, ndipo popeza imapanikiza mpweya pa 11 kwa 1, malo otsala pisitoni ikafika pamwamba ndi mamililita 40 okha. Madzi sapanikizika. Ochepera theka la kapu akalowa mu silinda imodzi, pisitoni imaima mwadzidzidzi ndipo chimene chimagonja ndi mkono wake, umene umapindika kapena kuthyoka n'kuboola buloko. Pa masentimita 30 simufunika mtsinje, chithaphwi chakuya ndi funde lokankhidwa ndi galimoto ina n'zokwanira.

Ikani sefa kuseri kwa nyale, koma muitsekere m'kabokosi kakekake kolekanitsa ndi mpweya wochokera ku radiyeta, kokhala ndi mphira m'mphepete mwake yogundana ndi boneti. Mpweya ulowe kuchokera kutsogolo kwa galimoto kudzera pa bowo la pambali pa radiyeta. Ngati mukufunabe wa pansi uja, ubweretseni ndi paipi yongothera pafupi ndi sefa popanda kulumikizika nayo, kuti madzi akakwera agwe okha, ndipo pansi pa kabokosiko boolani kabowo kotulutsira madzi ku mbali ya mpweya wosasefedwa.

Sefa yopaka mafuta pa blacktop siingawononge sensa, popeza palibe waya woyeza mpweya woti mafutawo amatirire, koma ine pa galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku ndimakonda ya pepala yathyathyathya yochokera ku injini yaikulu kuposa yanu, ya malita awiri kapena atatu. Imagwira fumbi losalala bwino, ndipo chifukwa cha kutambalala kwake siitsekereza injini ya 1.6. Yamafuta ija imadalira kuti mwini wake aziitsuka ndi kuipaka moyenera nthawi zonse.

Poyesa, chotsani bokosi pa injini, tsekani mabowo a malipenga ndi selotepi, uzirani mpweya pang'ono pa khomo ndipo pakani madzi a sopo m'mphepete monse ndi pozungulira sensa ndi timapaipi. Pakati pa chivundikiro ndi mbale pakhale mphira yosaopa mafuta, osati silicone wofinya m'chubu, amene amatulukira m'kati n'kuthothoka. Mukabwezera, pakani girisi wopyapyala pa malo awiri kapena atatu m'kati, makamaka pafupi ndi mlomo, yendani masabata awiri, kenako tsegulani n'kupititsapo chala. Mukamva mchenga, pali polowera fumbi ndipo girisiyo akusonyezani mbali yake.

Pomaliza, popeza mwasintha njira ya mpweya pa kompyuta imene inakonzedwera bokosi lina, bwerekani wideband sensor muone kasakanizidwe ka mpweya ndi petulo. Poyenda mofatsa izisonyeza cha pa 14.7, kutanthauza magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la petulo, ndipo mutaponda mpaka pansi izitsikira pakati pa 12.5 ndi 13. Ikakhala pa 14 kapena kupitirira phazi lili pansi, chotsani phazi msanga ndipo muyambe mwayeza mphamvu ya pampu ya petulo musanaimbe mlandu bokosi. Mapulagi anayi muwachotse pambuyo pa ulendo woyamba wautali n'kuwaika pamzere monga mwa masilinda ake, ndipo loyamba kapena lachinayi likasiyana mtundu ndi anzake, mutitumizire chithunzi chake pamodzi ndi cha khomo la bokosi.